Chida choyesera pulogalamu chimasankhidwa ndi vuto limene mukuliopa

Achinyamata olemba mapulogalamu akakumana amakonda kufunsana kuti, "Tigwiritse Selenium, Cypress kapena Playwright?" Izi ndi zida zoyesera ngati pulogalamu ikugwira ntchito bwino. Funsoli ndi labwino, kungoti limafulumira. Lisanayankhidwe pamafunika kudziwa kaye kuti pulogalamuyo ikalakwitsa adzalire ndani, ndipo adzalirira chiyani. Mukadziwa zimenezo, zida zambiri zotchuka zimagwa zokha pa mndandanda, zotsalazo n'zochepa ndipo zambiri n'zaulere.

Tiyerekeze kopaletivi ya alimi ku Mchinji imene imagula mtedza ndi soya kwa mamembala ake, ili ndi malo ogulira pa Kamwendo, ku Kapiri ndi ku Mkanda. Kalaliki wa pamalo alionse ali ndi foni ya Android. Amalemba dzina la mlimi ndi makilogalamu amene sikelo yaonetsa, pulogalamu imawerengera ndalama, imadula ngongole ya mbewu imene mlimi anatenga nthawi yodzala, zotsala n'kupita ku Airtel Money kapena ku Mpamba yake. Ku ofesi pa boma kuli tsamba la pa intaneti limene wowerengera chuma amaonerapo malipoti. Anthu awiri kapena atatu angailembe pulogalamu imeneyi. Koma mkati mwake muli zinthu zosiyana zimene zimaonongeka mosiyananso: masamu, kulankhulana kwa foni ndi seva (kompyuta imene imasunga zonse ndi kuyankha mafoni), tsamba la ku ofesi, ndi foni yeniyeniyo m'manja mwa kalaliki. Palibe chida chimodzi chimene chimayesa bwino zonsezi, ndipo wokuuzani kuti chilipo ndiye kuti akuchigulitsa.

Kuyesa pulogalamu kuli ngati mmene amayesera sikelo. Umaikapo mwala umene ukudziwa kale kulemera kwake, n'kuona ngati sikelo ikuvomereza. Chida choyesera chimangoika mwalawo mobwerezabwereza mosatopa. Kulemera kwa mwala mumakudziwa ndinu. Ngati simunagwirizane ndi a tcheya a kopaletivi kuti mlimi amene ngongole yake yaposa mtengo wa mtedza wake achitidwe bwanji, palibe chida chimene chidzakuuzeni. Katswiri wa makompyuta wa ku Netherlands, Edsger Dijkstra, ananena kalekale kuti kuyesa kumatha kuonetsa kuti zolakwika zilipo, koma sikungatsimikize kuti palibe. Ndiye poti simungayese chilichonse, muyenera kusankha pomwe mukuika mphamvu zanu.

Pansi penipeni, pamene pali ndalama

Mayeso otsika mtengo kwambiri ndi aja oyesa kachidutswa kamodzi ka khodi (malamulo olembedwa amene amapanga pulogalamu) pakokha, amene a m'ntchitoyi amawatcha ma unit test. Apa palibe kusankha kwenikweni, chiyankhulo chimene mwalembera pulogalamu chinakusankhirani kale. Python imayenda ndi pytest, PHP ndi Laravel zimayenda ndi PHPUnit, JavaScript ndi Jest kapena Vitest, pamene Java ndi Kotlin zimayenda ndi JUnit, imene Kent Beck ndi Erich Gamma anailemba mu 1997. Zonsezi n'zaulere, zimagwira ntchito pa laputopu yakale popanda intaneti, ndipo mayeso mazana amatha m'masekondi ochepa. Anthu amazinyoza chifukwa pa sikirini sipaoneka chodabwitsa, timadontho tobiriwira tosonyeza kuti mayeso apambana basi. Komabe zolakwika zambiri zimene zingadyere mlimi ndalama zimagwidwira pano.

Tinene kuti mayi wina wabweretsa makilogalamu 47.5 ndipo mtengo tsiku limenelo ndi K1,200 pa kilogalamu. Ndi K57,000. Ngongole yake ndi K60,000. Pulogalamu itani? Itumize ziro? Ikane? Ilembe kuti watsala ndi ngongole ya K3,000, kapena iyese kutumiza ndalama zokhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo? Mayeso ake ndi mizere isanu ya khodi, koma kuti muwalembe mumakakamizika kupita kukafunsa, ndipo phindu lalikulu lili pa kufunsako. Palinso nkhani ya madesimo. M'ziyankhulo zambiri za kompyuta, mukaphatikiza 0.1 ndi 0.2 pogwiritsa manambala a float, njira wamba yosungira madesimo, mumapeza 0.30000000000000004. Pa mlimi mmodzi sizioneka. Pa malipiro zikwi zambiri, lipoti la ku ofesi limayamba kusiyana ndi la ku banki ndi timatambala tosadziwika komwe tachokera. N'chifukwa chake ndalama amazisunga ngati manambala athunthu kapena ngati decimal, mtundu wosunga madesimo ndendende, ndipo payenera kukhala mayeso olondera zimenezo. Nambala yosakwana m'malo ake si nkhani yochepa: pa 4 June 1996 roketi ya Ariane 5 inaphulika pasanathe mphindi imodzi chinyamukire, chifukwa nambala yaikulu ya ma bit 64 inakakamizidwa kulowa m'malo aang'ono a ma bit 16.

Tsopano pali zinthu zathu zakuno zimene simudzazipeza m'maphunziro a pa YouTube. Maina athu ambiri ali ndi ng', monga Ng'oma kapena Mang'anda. Kachizindikiro kameneko, ngati khodi yolankhula ndi database (nkhokwe yosungira maina ndi manambala) inalembedwa mosasamala, kamadula pakati lamulo la SQL, chiyankhulo cholamulira nkhokweyo. Mlimi amalephera kulembedwa, ndipo pakhomo pomwepo ndi pamene wakuba amalowera. Chinanso, foni ina imalemba kachizindikiroko mowongoka, ina mopinda, ndiye munthu mmodzi amakhala anthu awiri m'kaundula. Chilembo cha ŵ nachonso chili ndi zake. Uthenga wa SMS umatenga zilembo 160, koma mukaikamo chilembo chimodzi chimene sichili pa mndandanda wa zilembo wamba za SMS wotchedwa GSM, monga ŵ, uthenga wonse umasintha kalembedwe n'kumangotenga zilembo 70. Lisiti imene munkalipira ngati uthenga umodzi imasanduka mauthenga atatu, kwa mlimi aliyense, nyengo yonse.

Mchinji ili ndi vuto lakelake: ndalama ya ku Zambia nayo ndi kwacha. Wogula wa ku Chipata akalemba K500 ndipo kalaliki wa pa Kamwendo akalembanso K500, sakunena ndalama zofanana ngakhale pang'ono. Pulogalamu imene idzagwire malonda a mbali zonse za malire iyenera kusunga MWK (kwacha ya Malawi) kapena ZMW (ya Zambia) pambali pa nambala iliyonse, ndipo mayeso ayenera kuonetsetsa kuti ikukana kuziphatikiza. Manambala a foni chimodzimodzi: wina ayamba ndi 099, wina +265, wina 265 wopanda chizindikiro, wina ali ndi nambala ya +260. Nthawinso ili ndi msampha. Maseva ambiri amasunga nthawi ya UTC, imene imatsalira maola awiri pa nthawi yathu. Malipiro ochitika 1 koloko usiku pa 1 June kuno, seva imawalemba kuti ndi a pa 31 May, ndipo lipoti la mwezi limasokonekera. Zonsezi zimayesedwa ndi pytest kapena JUnit, popanda kulipira aliyense.

Netiweki ikaduka pakati pa malipiro

Apa ndi pamene ine ndingaike mphamvu zambiri. Kalaliki wadina batani lolipira. Foni yatumiza pempho ku seva, seva yauza kampani ya foni, ndalama zalowa kwa mlimi. Koma yankho lisanabwerere, netiweki yaduka. Pa sikirini kachizindikiro kakungozungulira. Mzere wa anthu ndi wautali, mlimi akuti, "Achimwene, mwatumiza kapena ayi? Dzuwa likupita ili." Kalaliki adinanso. Mlimi walandira kawiri.

Mankhwala ake amadziwika: malipiro alionse amapatsidwa nambala yakeyake pa foni pomwepo asanatumizidwe, ndipo seva ikaona nambala imodzi kachiwiri imangobweza yankho loyamba, osalipiranso. Koma zimenezi ziyenera kuyesedwa, ndipo simungaziyese bwino podina mabatani. Mumalankhula ndi seva mwachindunji kudzera pa API yake, khomo limene mapulogalamu ena amalankhulirapo nayo. Postman ndi chida chimene ambiri amayambira, chifukwa umaona pempho ndi yankho pa sikirini, ndipo mnzake Newman amatha kuyendetsa mayeso omwewo popanda munthu. N'chabwino pofufuza komanso poonetsa mnzako vuto. Koma mayeso akachuluka, ine ndimakonda kuti alembedwe m'chiyankhulo chomwecho cha pulogalamu, akhale pamodzi ndi khodi mu Git, mosungira khodi ndi mbiri ya kusintha kwake, kuti wosintha khodi aziona mayeso ake pafupi.

Kampani ya foni simungaiuze kuti, "Lero muchedwetseko yankho tiyese." Ndiye mumapanga yabodza. Zida ngati WireMock zimadziyesa seva ya kampani ina, ndipo inu mumazilamula kuti ziyankhe mochedwa, zisayankhe n'komwe, zitumize uthenga wotsimikizira kawiri, kapena zinene kuti zatheka patapita mphindi khumi pulogalamu yanu itataya kale mtima. Malo oyeserera amene makampani olandira ndi kutumiza ndalama amapereka ndi othandiza, koma nthawi zambiri amakhala aulemu kuposa netiweki ya tsiku la msika.

Chifukwa chimene ndikukhalira pa mfundoyi n'chakuti mabuku akasiyana ndi ndalama, woyamba kuganiziridwa si pulogalamu, ndi kalaliki. Ku Britain, pulogalamu ya Horizon imene Fujitsu inapangira Post Office inkaonetsa kuti ndalama zasowa m'nthambi pamene sizinasowe. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 oyendetsa nthambizo anazengedwa milandu, ena anamangidwa, ambiri anataya katundu ndi mbiri yawo. Akuluakulu ankakhulupirira kompyuta kuposa munthu. Kwathu kuno kalaliki woganiziridwa kuba alibe ngakhale loya. Amangochotsedwa ntchito, mudzi wonse n'kudziwa.

Tsopano tibwere ku Selenium ndi anzake aja. Zida zimenezi zimatsekula browser n'kumadina ndi kulemba ngati munthu. Selenium ndi yakale, inayamba mu 2004 ndi Jason Huggins ku kampani ya ThoughtWorks, ndipo njira yake yolamulira browser, WebDriver, inavomerezedwa mu 2018 ndi W3C, bungwe lokhazikitsa miyezo ya masamba a pa intaneti. Imalola ziyankhulo zambiri ndipo vuto lililonse limene mungakumane nalo wina analifunsa kale pa intaneti. Kuipa kwake n'kwakuti muyenera kusamala nokha za kudikira kuti tsamba limalize kutsekuka, apo ayi mayeso amapambana lero n'kulephera mawa khodi isanasinthe. Cypress ndi yokoma kugwiritsa ntchito, umaona chilichonse chikuchitika, koma mayeso ake amalembedwa mu JavaScript kapena TypeScript basi. Playwright inatulutsidwa ndi Microsoft mu 2020, imayendetsa Chromium, Firefox ndi WebKit, imadikira yokha batani lisanadinidwe, imalola Python, Java, JavaScript ndi .NET, komanso imatha kuzimitsa intaneti ya tsamba pakati pa mayeso. Pa ntchito yatsopano ndingatenge Playwright. Pamene pali kale mayeso a Selenium oyenda bwino, ndingawasiye, kulembanso zinthu zogwira ntchito n'kutaya nthawi. Dziwaninso kuti Playwright ndi Cypress zimakoka mafayilo akuluakulu poziika koyamba, ndiye bandulo ya tsiku sikwana.

Koma taonani kuti m'kopaletivi yathu ija tsamba la pa intaneti limagwiritsidwa ntchito ndi anthu awiri a mu ofesi. Mayeso asanu kapena khumi a mtundu umenewu akwana: kulowa, kuona lipoti, kuvomereza malipiro. Mike Cohn anafalitsa mu 2009 chithunzi cha piramidi, mayeso aang'onoang'ono ambiri pansi, a API pakati, a pa sikirini ochepa pamwamba. Magulu ambiri amaitembenuza, chifukwa mayeso a pa sikirini ndi amene amasangalatsa bwana akamaonerera. Pakatha miyezi itatu batani limodzi lasuntha, mayeso makumi awiri afiira kusonyeza kuti alephera, ndipo anthu amayamba kuzolowera kufiirako. Mayeso amene anthu asiya kuwakhulupirira ndi oipa kuposa kusakhala nawo, chifukwa tsiku limene adzanene zoona palibe adzamve.

Foni ya m'manja ndi imene imavuta kusankhira chida. Espresso ya Google ndi yachangu ndipo ndi ya Android yokha. Appium imayendetsa Android ndi iOS ya ma iPhone, koma kuiika ndi kuisamalira kumafuna kuleza mtima. Ngati makalaliki onse ali ndi Android, iOS mukuilipirira chiyani? Emulator, foni yoyerekeza ya pa kompyuta ija, imafuna laputopu ya memory yambiri. Pali makampani monga BrowserStack ndi Sauce Labs, komanso Firebase Test Lab ya Google, amene amabwereketsa mafoni enieni kudzera pa intaneti. Ntchito yawo ndi yabwino, koma malipiro ake ndi a madola. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense amene anayesapo kulipira kunja ndi khadi ya banki ya kuno akudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira. Chida chimene chingaime mwezi wa May chifukwa khadi yakanidwa si chida chodalira pa nyengo yogula mbewu.

Chachikulu n'chakuti mafoni obwerekawo ali m'nyumba zozizira bwino, pa intaneti yosaduka, batire yodzaza. Vuto lanu lili pa itel kapena Tecno yotsika mtengo, yodzaza zithunzi za pa WhatsApp, sikirini yosweka pakona, padzuwa la masana. Gulani mafoni awiri kapena atatu a mtundu umene makalaliki ali nawo, ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi kulipira madola chaka chonse. Lembani mlimi, ikani foni pa airplane mode musanasunge, bwezerani netiweki, onani ngati walembedwa kamodzi. Chotsani pulogalamu pa sikirini pakati pa kulemba, yankhani foni, bwererani. Android ikaona kuti memory yachepa imatseka mapulogalamu amene ali kumbuyo, ndipo mu Developer options muli batani la "Don't keep activities" limene limakuthandizani kuona zimenezi nthawi iliyonse. Kenako kwerani basi mupite kufupi ndi malire, kumene foni imatha kulumphira pa netiweki ya ku Zambia mwini wake osadziwa. Ngati alimi amaona ndalama zawo kudzera pa USSD (menyu ija yoimba ndi * ndi #) pa foni ya mabatani, kumbukirani kuti uthenga umodzi sudutsa zilembo 182, ndipo munthu akachedwa kuyankha kulumikizana kumaduka. Chichewa chimatalika kuposa Chingerezi, ndiye menyu imene inakwana bwinobwino m'Chingerezi imadukira pakati ikamasuliridwa. Mupatseni gogo foniyo ayese yekha, inu khalani chete muone pamene akuima.

Za kuchuluka kwa anthu sindikhalapo nthawi. JMeter, k6 ndi Locust zonse n'zaulere ndipo zimatumiza mapempho ambiri nthawi imodzi. Tengani k6 ngati mumadziwa JavaScript, Locust ngati mumadziwa Python. Chofunika kuyesa si anthu miliyoni, ndi madzulo aja pamene makalaliki onse afika pamalo a netiweki ndipo mafoni awo akutumiza za tsiku lonse nthawi imodzi. Pa chitetezo, ZAP ndi yaulere ndipo imagwira zolakwika zodziwika, koma muiyendetse pa seva yanu yoyeserera yokha. Ndipo musakopere maina, manambala a foni ndi a ziphaso za mamembala enieni n'kuwaika pa laputopu yoyesera. Malawi ili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act ya 2024. Pangani maina abodza. Zida ngati Faker zimathandiza, kungoti maina ake ambiri ndi achizungu, ndiye onjezerani anu okhala ndi ng' ndi ŵ.

Adzasamala mayesowa ndani?

Funso limeneli limaposa kusiyana konse kwa Cypress ndi Playwright. Mnyamata amene akulemba mayeso lero chaka chamawa adzakhala ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Wotsalayo ngati amadziwa PHP yokha, mayeso olembedwa mu Java adzafa mwakachetechete. Sankhani chida cha chiyankhulo chimene gulu lonse limawerenga, ngakhale chitakhala chachiwiri pa ubwino. Chenjeraninso ndi zida zimene zimajambula mmene mukudinira n'kupanga mayeso zokha, komanso za AI zolemba mayeso. Zimafulumiza ntchito ndithu, koma zimakonda kulemba mayeso ovomereza zimene khodi ikuchita kale. Ngati khodi ikudula ngongole kawiri, mayeso adzatsimikiza kuti ikudula kawiri, n'kubiriwira.

Njira yosankhira imene ndimaikhulupirira ndi yosavuta. Tengani zolakwika zitatu zimene zinakuvutitsani kwambiri nyengo yatha, mulembe mayeso ake ndi zida ziwiri zimene mukuziyerekeza, kwa sabata imodzi. Kenako onongani khodi mwadala, sinthani chizindikiro chophatikiza chikhale chochotsera, muone ngati mayeso afiira komanso ngati uthenga wake ukukuuzani pamene palakwika. Mupatseni mnzanu amene sanalembe nawo kuti awayendetse pa laputopu yake popanda inu kumuthandiza. Chida chimene chadutsa pamenepa ndi chanu.

Mayeso ayenera kuyenda okha munthu aliyense akasintha khodi. Jenkins, chida chochitira zimenezi, ndi yaulere, koma imafuna kompyuta yoyaka nthawi zonse, ndipo ofesi yopanda sola kapena jenereta singalonjeze zimenezo. GitHub Actions ndi GitLab CI zimayenda pa makompyuta awo ndipo zimapereka mphindi zina zaulere mwezi uliwonse, zokwanira gulu laling'ono ngati mayeso ake ambiri ndi aang'onoang'ono aja.

Pali mpata umodzi umene mayeso onsewa sauona: khodi imene mwayesa si nthawi zonse imene anthu akugwiritsa ntchito. Pa 1 August 2012 kampani ya Knight Capital ku America inataya madola pafupifupi 440 miliyoni m'mphindi 45, chifukwa khodi yatsopano inaikidwa pa maseva asanu ndi awiri, yachisanu ndi chitatu n'kutsala ndi yakale. Kwathu zimachitika motere: fayilo ya APK, yoikira pulogalamu pa foni ya Android, imayenda pa WhatsApp, kalaliki wa ku Kapiri waika yatsopano, wa ku Mkanda akadali ndi ya mwezi watha chifukwa analibe bandulo. Ndiye seva iyenera kuyesedwanso ndi pulogalamu yakale, ndipo iyenera kudziwa nthawi yokana yakale kwambiri n'kumuuza munthu m'Chichewa chomveka kuti aike yatsopano.

Madandaulo ochokera kumalo ogulira asathere pa gulu la WhatsApp, kumene amakwiririka ndi mauthenga a maliro ndi a moni wa m'mawa. Jira, pulogalamu yolondolera madandaulo, ndi yabwino koma ndi yaikulu kwa anthu atatu. GitHub Issues ikwana, ngakhale spreadsheet imodzi yosamalidwa bwino. Dandaulo lililonse likhale ndi mtundu wa foni, malo, nthawi, zimene munthu anadina, zimene amayembekezera ndi zimene anaona, ndipo lisatsekedwe mpaka litakhala ndi mayeso ake olilondera kuti lisabwerere. Nambala ya version ilembedwe pa sikirini yoyamba ndi zilembo zikuluzikulu, kuti kalaliki akaimba foni kuchokera ku Mkanda athe kukuwerengerani musanayambe kufufuza vuto limene munalikonza kale masabata awiri apitawo.